Mayi Chikaonda ndi Ndime Zimene Dziko Linakana

Mayi Gertrude Chikaonda anabadwira ku Kitwe, ku Zambia, m'chaka cha 1958, m'nyumba ya mgodi ya zipinda ziwiri. Bambo awo anachokera ku Dedza ali mnyamata, nakhala kalaliki wa kumgodi mpaka imvi. Ndiwo anaphunzitsa mwana wawoyo kuopa pepala. Ankati usamasaine chimene sunawerenge, ndipo ukasaina uzichita zimene wasainazo ngakhale zikuwawe.

Gertrude anaphunzira kutayipa, nagwira ntchito mu ofesi ya mgodi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Migodi itagulitsidwa anali m'gulu la ochotsedwa. Patangopita zaka ziwiri amuna awo, a Jairus, anamwalira. Ana anali atabalalika kale, wina ku Lusaka, wina ku Chingola, choncho mayiwo anagula makina awiri osokera n'kutsegula kashopu kuseri kwa msika wa Chimwemwe. Ankasoka mayunifolomu a sukulu ndi mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano a mpingo wawo. Pamsika ankalankhula Chibemba ngati wina aliyense, kunyumba ndi kutchalitchi Chinyanja, koma akapsa mtima chimatuluka Chichewa cha bambo awo, ndipo anthu ankadziwa kuti yafika nthawi yopatuka.

M'chaka cha 2019 anapita ndi amayi anzawo kukaona odwala kuchipatala. Kumeneko anapeza mtsikana atakhala pansi pafupi ndi bedi la mayi ake, akusoka thumba la yunifolomu ya namwino ndi singano yapamanja. Msoko wake unali wowongoka ngati wa makina. Mayi Chikaonda anaima n'kumangoyang'ana, pemphero lomwe anabwerera osalikumbukanso.

Mtsikanayo dzina lake linali Mujinga. Makolo ake anathawa kuchokera ku Congo mu 1993, pamene anthu a mtundu wawo ankapirikitsidwa m'matauni a migodi a kumeneko. Iye anabadwira ku Meheba, msasa wa othawa kwawo wa kutsogolo kwa Solwezi, ndipo ku Congo anali asanapondeko. Ku Kitwe anabwera ndi pasi ya masiku makumi atatu, pepala lomulola kutuluka mumsasa kudzadwazika mayi ake. Mayi akewo anamwalira pasiyo isanathe. Amayi a chigwirizano ndiwo anasambitsa thupi, ndipo pochokera kumanda Mayi Chikaonda anagwira Mujinga pamkono n'kupita naye kwawo.

Anakhala limodzi zaka zinayi. Mujinga ankawatchula kuti amayi, iwo ankamutchula kuti mwanawe. Chifukwa cha manja ake shopu inayamba kulandira madiresi a ukwati, ndipo akwatibwi ankachokera mpaka ku Ndola. Kawiri konse Mujinga anabwerera ku Meheba kukatenga pasi ina. Ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, kudikira kwake sabata, ndipo ntchito inkaima. Kachitatu Mayi Chikaonda anamuletsa. Anati ndani angamange munthu chifukwa chosoka? Mawu amenewo anadzawaluma pambuyo pake.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Malichi, cha m'ma teni koloko m'mawa, pamene anthu anayi a boma anaima pakhomo pa shopu, amuna atatu ndi mkazi mmodzi. Mujinga anali atagwada akupinda m'munsi mwa diresi la mkwatibwi, mapini ali kukamwa. Anamufunsa chitupa. Iye analavulira mapiniwo m'dzanja, natulutsa m'chikwama pasi yomwe inatha zaka ziwiri zapitazo.

“Ameneyu ndi mwana wanga,” anatero Mayi Chikaonda. “Anabadwira m'dziko muno.”

Wamkulu wa anthuwo anayankha mwaulemu kuti kubadwira muno si kukhala nzika, ndipo wothawa kwawo saloledwa kukhala kapena kugwira ntchito m'tauni popanda chilolezo. Kenako anapempha chitupa cha mayiwo. Anachitembenuza, nawerenga dzina, n'kuwayang'ana.

“Nanga inu amayi, kwanu kwenikweni ndi kuti?”

Mayiwo anamuyankha m'Chichewa cha bambo awo. Anamuuza kuti kwawo ndi komwe kuli mchombo wawo, kuseri kwa nyumba ya mgodi imene bambo awo anakalambiramo akulemba mayina a anthu olowa pansi, iye wofunsayo asanaganiziridwe n'komwe. Munthuyo anangowabwezera chitupacho, nawachenjeza kuti kusunga munthu wotere ndi mlandu. Mujinga anakwezedwa m'galimoto tepi yoyezera ikadali m'khosi. Mkwatibwi uja anatsala ataima pampando, diresi litapindidwa mbali imodzi.

Mujinga anasungidwa masiku khumi ndi asanu ndi anayi, kenako anabwezedwa ku Meheba. Masiku onsewo Mayi Chikaonda ankapita ndi chakudya m'mawa, n'kuyenda ofesi ndi ofesi masana. Paliponse ankauzidwa kuti ndi lamulo. Chimene chinkawasokoneza n'chakuti chaka ndi chaka, mwezi wa Juni ukafika, wailesi inkanena kuti Zambia inalowa m'pangano la mayiko loteteza othawa kwawo. Ngati dziko linasaina, nanga bwanji mwana wosoka madiresi akugona m'chitokosi?

Anakwera minibasi kupita ku Ndola. Ku Kanini, dera lina la mumzindawo, kunkakhala Tionge, mwana wa mchimwene wawo, yemwe anali loya. Tionge anawakhazika pakhonde, nawapatsa tiyi, ndipo atamva nkhaniyo anakalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapepala amene anasindikiza pa kompyuta.

Anawafotokozera pang'onopang'ono. Panganolo linalembedwa ku Geneva mu 1951, nkhondo yaikulu itatha, ndipo poyamba linkaganizira kwambiri anthu a ku Ulaya. Mu 1967 analiwonjezera kuti lifikire othawa kwawo a kulikonse. Dziko limene kunalibe pa tsiku lolemba likhoza kulowa pambuyo pake: boma limagwirizana, n'kutumiza kalata ku bungwe la United Nations yonena kuti nafenso talowa. Zambia inachita zimenezo mu 1969. Koma pangano lomwelo limalola dziko kunena polowapo kuti ndime yakuti ndi yakuti sitidzamangidwa nazo. Pali ndime zina zosakanika, monga yoletsa kubweza munthu kumene akaphedwe. Zina zimakanika.

“Ndiye ifeyo tinakana ziti?” anafunsa mayiwo.

Tionge anawaloza. Pa ndime ya ntchito, dziko linati wothawa kwawo azikhala ndi chilolezo. Pa ndime ya sukulu, linati liziitenga ngati uphungu chabe. Pa ndime yolola munthu kuyenda ndi kukhala kumene wafuna, linati ndilo lizisankha malo okhala.

Mayi Chikaonda anavala magalasi, napempha rula, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere monga ankachitira mu ofesi. Anawerenga kawiri. Tiyi anazizira. Atamaliza anafunsa ngati kwawo kwa bambo awo, ku Malawi, zili bwinoko. Tionge anati Malawi inalowa mu 1987, nayonso inakana ndime ngati zomwezo. Anayesa kuwauza kuti maboma anali ndi zifukwa zake, kuti masiku amenewo malire onse kunali nkhondo, ndipo dziko losauka linkaopa kulonjeza ntchito zimene ana ake omwe analibe.

“Tionge, ine ndinakwatiwa m'tchalitchi,” anatero. “Amuna anga a Jairus akanaima paguwa n'kunena kuti ndikumutenga mkaziyu, koma za pa matenda ndi pa umphawi zokhazo ayi, abusa akanadalitsa? Munthu wam'letsa kuyenda, wam'letsa ntchito, ndiye wam'teteza kuti atani? Kuti azingopuma?”

Tionge anati azakhali, malamulo a mayiko ndi mmene amayendera. Anawonjeza kuti dziko likafuna likhoza kuchotsa kukana kwakeko tsiku lililonse, potumiza kalata ina ku bungwe lomwelo. Mawu amenewa ndiwo anawakwiyitsa koposa onse. Kalata imodzi. Iwo anatayipapo makalata makumi anayi pa tsiku, ndiye boma lathunthu lalephera imodzi kwa zaka zoposa makumi asanu?

Atabwerera ku Chimwemwe anatulutsa makina awo akale otayipira pansi pa bedi. Analembera phungu wa dera lawo, analembera nduna, analembera akuluakulu a mipingo. M'kalata iliyonse ankafotokoza za Mujinga, dzina lake lonse, chaka chimene anabadwa, ndi mmene anamutengera. Kalata ina anapita nayo ku msonkhano wa chigwirizano kuti amayi onse asaine. Mayi Zelipa, omwe anali apampando, anaiwerenga n'kunena kuti mtsikanayo amamukonda onse ndipo amupempherera, koma mpingo sulimbana ndi boma. Anasaina amayi atatu okha mwa makumi anayi. Mayi Chikaonda anawakumbutsa kuti theka la amene anakhala pamenepo makolo awo analowa m'dziko muno atasenza katundu pamutu, ndipo palibe anawatsekera kumsasa. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kusoka mabulauzi a chigwirizano. Wofuna bulauzi ankamuuza kuti akapemphere, mwina igwa kuchokera kumwamba.

Mu Juni kunali mwambo wokumbukira othawa kwawo muholo ina ku Ndola. Tionge anawapezera malo, ndipo pambuyo pake ananong'oneza bondo. Kunali magule, kunali zakumwa. Mlendo wolemekezeka anayamikira dziko chifukwa cha mtima wake wolandira alendo, natchula pangano la 1951 katatu. Itafika nthawi ya mafunso Mayi Chikaonda anaimirira ndi mapepala awo. Anafunsa chifukwa chimene bwanayo sanatchulire ndime zimene dziko linakana. Anaziwerenga imodzi ndi imodzi, kenako anayamba nkhani ya Mujinga. Woyendetsa mwambo anati nthawi yatha, ndipo chimkuzamawu chinazimitsidwa. Iwo anapitiriza ndi pakamwa pokha, ndipo mawu awo anafika mpaka kumbuyo. Ena anawomba m'manja, ena anaseka. Mtolankhani wina analemba nkhaniyo, ndi dzina la Mujinga lomwe.

Mayiwo anadula nkhaniyo m'nyuzipepala, ndipo mu Ogasiti anapita nayo ku Meheba. Anapeza Mujinga akukhala kwa mlongo wake, m'nyumba ya dothi, akulima chinangwa, nasoka pang'ono pamsika ndi makina obwereka. Anali atawonda, manja atakhakhala. Anawalandira bwino, nawaphera nkhuku. Koma pamene anamuonetsa pepalalo sanalilandire. Anati analiona kale, wina anabwera nalo kuchokera ku Solwezi.

“Amayi, ndikupempheni chinthu. Lekani kulemba dzina langa.”

Anafotokoza kuti wa boma palibe amene anamunena kanthu. Koma anansi ake ankati wawabweretsera maso, ndipo iye mwini ankaopa kukaima pamzere wa mapasi, poti aliyense tsopano akudziwa kuti anakhalapo m'tauni mobisala. Mabanja awiri a othawa kwawo amene ankakhala ku Chimwemwe mwakachetechete anali atasamuka chifukwa cha mantha, ndipo achibale awo mumsasa ankaloza iye.

“Inu mukakalipa mumakagona kwanu,” anatero. “Ine ndimatsala nazo kuno.”

  Mayi Chikaonda anapinda pepalalo n'kulibweza m'chikwama. M'mawa mwake, asananyamuke, anapepesa Mujinga chifukwa chomuletsa kukatenga pasi yachitatu ija. Mujinga anati zimenezo zinapita. Pobwerera, m'basi ya ku Kitwe, anakangana ndi kondakitala pa nkhani ya zenera mpaka okwera anzawo analowererapo.

Shopu ilipobe, koma makina amodzi okha ndiwo amalira, ndipo madiresi a ukwati anasiya kulandira. Kutchalitchi amapita, amakhala kumbuyo. Mwezi uliwonse amatayipa kalata imodzi kupita kwa phungu, yopanda dzina la munthu aliyense kupatula lawo, yofunsa kuti kodi ndime zija zidzavomerezedwa liti. Yankho linabwera kamodzi, la mizere itatu, lonena kuti nkhaniyo ikuganiziridwa. Iwo anakonza zolakwika ziwiri za kalembedwe ndi cholembera chofiira n'kulibweza.

Mujinga anakwatiwa mumsasa momwemo ndi mphunzitsi wina amene makolo ake anathawa kuchokera ku Burundi. Chaka chatha anaimba foni kunena kuti wabereka mwana wamkazi. Mayi Chikaonda analulutira ali m'shopu, nafunsa za kulemera kwa mwanayo, za mkaka, za matewera. Kenako sanathe kudzigwira. Anafunsa kuti pa pepala lake lobadwira alembapo kuti ndi wa dziko liti. Mujinga anati mwana akulira, adzaimbanso.