Uthenga wa Maliro Sunafike kwa a Elube

Lachiwiri lapitali, kunja kukungoyera kumene, mfuu inamveka m'mudzi mwathu kuno ku Jenala. Mukuidziwa mfuu yake. Munthu amakwera pachulu, manja kukamwa, n'kukuwa kuti kwagwa zovuta, aliyense asagwire khasu lero. Amene anatisiya anali a Fatuma, akazi a telala wathu, amene chifuwa chinawagoneka kuyambira nthawi yokolola. Abale athu achisilamu sagoneka maliro, choncho dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitatha.

Ine ndinauza ana asukulu kuti abwerere kwawo, n'kukakhala pamaliropo ngati wina aliyense. Tinabwerako kumanda, tinasamba m'manja, tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndiye poti tiyang'ane kunjira, tinangoona a Elube akubwera, khasu paphewa, matope mpaka m'maondo, kamtolo ka kholowa m'manja, akumwetulira.

A Elube samva. Matenda anawatseka makutu ali mwana, ndipo mawu awo amatuluka ochepa, olemera. Amuna awo anapita ku Halale nkhondo itangotha, mpaka lero ngakhale kalata. Munda wawo uli kutali, kudambo, ndipo amalawira anthu ambiri tisanatsegule zitseko.

Amayi anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wachikulire, amene sindimutchula dzina chifukwa timapemphera limodzi, anaimirira n'kuwalanda khasu lija.

"Taonani gonthi uyu! Mnzake ali m'manda, iye ali kupalira? Mtima wake ngwotani? Akadzafa iyeyu nafenso tidzapita kumunda, adzadziika yekha!"

Wina kumbuyo anaponyapo kuti munthu wolima tsiku la maliro amakhala akudziwapo kanthu. Mukudziwa kumene mawu oterewa amathera.

A Elube anangoyang'ana milomo ya anthu, uku ndi uku, osatolapo kanthu. Kenaka anaona telala atakhala pamphasa, maso ali psuu. Anayang'ana pakhonde pamene mnzawo ankagona masana, n'kuona pali posesa. Kholowa uja anagwa pansi. Kulira kumene analira mayi ameneyu sindikufuna kudzakumvanso.

Kholowayo anathyolera a Fatuma, chifukwa ndizo ndiwo zokha zimene wodwalayo ankazilandira.

Telala ndiye anatitsegula m'maso. Anayankhula motsitsa, osayang'ana munthu.

"Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira, tandiuzani. Zaka zonsezi kukagwa maliro, amene ankapita kukawagwira paphewa a Elube anali ndani? Anali mkazi wangayu. Ankathamanga asanasambe n'kumaso komwe, n'kukawaonetsa ndi manja kuti khasu pansi. Nanga lero akanapita ndani?"

Ine ndinayang'ana zala zanga zakumiyendo, chifukwa m'mawa umenewo ndinadutsa pakhomo pa a Elube penipeni. Ndinaona utsi ukutuluka padenga, ndinadziwa kuti adzuka, koma sizinandifike m'mutu. Ine amene ndimaphunzitsa ana kukonda mnansi tsiku ndi tsiku!

Abale anga, ndatopa. Ndatopa ndi kukhala m'mudzi umene chilichonse timachichita ndi mfuu, kenaka n'kumadabwa kuti wosamva sanabwere. Maliro, mfuu. Kulambula msewu, mfuu. Akapitawo a malimidwe akabwera ndi lamulo la mizere, mfuu. Chaka cha njala chija, uthenga woti kukugawidwa chakudya unayendanso pakamwa, ndipo ndikudzifunsa lero kuti a Elube akanadya chiyani pakanapanda a Fatuma.

Timati ndife anthu achifundo, ndipo n'zoona, kupatsa timapatsa. Wakhungu akakhala pamsika pa Migowi timamuponyera chinangwa. Wopuwala miyendo timamupatsa malaya otha. Koma kumuuza zimene zikuchitika m'mudzi mwake momwe? Kumuitana pabwalo kuti nayenso anenepo? Apo ndiye timagwa ulesi. Mphasa zimene timakhalira pamilandu amaluka ndi bambo wina woyenda chokwawa wa kutsidya kwa mtsinje, koma sindinamuonepo ataitanidwa kudzakhalira mphasa yake yomwe.

Kupatsa n'kosavuta, umaponya n'kumapita. Kuuza munthu kumafuna kuti upatuke panjira, uime pakhomo pake, umuyang'ane kumaso, uvutike ndi manja mpaka amve. Mudzi wonse uno ntchito imeneyi tinaisiyira mayi mmodzi wodwala chifuwa, ndipo sitinadziwe n'komwe kuti tamusiyira.

Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Timaunena mwambiwu pamowa, tikugwedeza mitu, koma sitiukhulupirira. Mayi amene analanda khasu uja, khutu lake lakumanzere linayamba kale kuvuta, mutchalitchi amachita kupendeka mutu. Ine ndemwe maso ayamba kuchita chifunga ndikamawerenga. Tikuganiza kuti mfuu ya pachulu tidzaimva mpaka liti?

Ndinayesa kuyankhula nawo amayi aja tsiku lotsatira. Ena anachita manyazi. Ena anati, "Nanga ife tidziwa bwanji chiyankhulo cha manja?" Kodi a Fatuma anachiphunzira kusukulu yanji? Kuloza khasu, kuloza pansi, kuika dzanja patsaya. Mwana wa zaka zisanu angathe.

Khasu lija anawabwezera, koma nkhani sinathere pomwepo. Dzulo m'mawa popita kusukulu ndinapeza a Elube atakhala pakhonde, khasu lili pamiyendo, dzuwa litakwera kale. Ndinawalozera kudambo, kufunsa ngati akudwala. Anapukusa mutu n'kundilozera kunjira. Ndinamva. Masiku ano sanyamuka mpaka ataona ndi maso awo anthu atatu kapena anayi akudutsa ndi makasu, kuopa kuti mwina kwagwanso maliro. Akamafika kudambo dzuwa limakhala litawawa, ndipo udzu m'mapira mwawo sukudikira munthu. Alibe wina wowalimira.

Ndinawakodola kuti nyamukani, kulibe zovuta lero. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanakhulupirire.

Mfuu idzamvekanso pachulu paja, mwina sabata ino, mwina mwezi wamawa. Tonse tidzaimva tili m'nyumba zathu, tidzatsamiritsa makasu kukhoma. A Fatuma kulibe. Adzapatuke panjira kukawagwira paphewa a Elube ndani?