Mlandu wa Mbuzi ku Markham

Chaka changa chachiwiri ku Canada ndinkasamalira mayi ena okalamba achizungu ku Markham. Ndinkanyamuka ku Scarborough m'mamawa, kukwera mabasi awiri, n'kukawapeza atadzuka kale, akudikira kuti ndiwasambitse ndi kuwapatsa mankhwala. Miyendo inali itawakana, koma mutu unali bwinobwino. Anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Popeza m'nyumbamo munalibenso wina, mwana wasukulu ndinali ine.

Ankakonda kwambiri mayina a magulu a ziweto. Nkhosa zikakhala pamodzi, akuti ndi flock. Ng'ombe ndi herd. Atsekwe akakhala pansi ndi gaggle, koma akangouluka dzina lasinthanso. Ankandifunsa zimenezi ndikuwapesa tsitsi, ndipo ndikalakwa ankagogoda kapu ndi supuni. Zinkandinyansa ndithu. Ine ndinakula ndikuthamangitsana ndi mbuzi kubusa ku Ntcheu, pomwe iwo nkhosa ankaidziwira m'mbale.

Tsiku lina anandifunsa kuti nanga m'Chichewa timati bwanji. Mawu amene ndinkawadziwa anali amodzi okha: gulu la nkhosa, gulu la mbuzi, gulu la nkhumba, basi. Ndinaona kuti ndikayankha choncho ayamba kumvera chisoni chilankhulo chathu. Ndiye, osaseka ngakhale pang'ono, ndinawauza kuti mbuzi zikachuluka timati mlandu wa mbuzi. Atafunsa chifukwa chake, ndinati mbuzi zikapitirira zitatu zimathera m'munda mwa eni, ndipo mwini mbuzi amathera pabwalo la milandu. Anakondwa kwambiri moti anandituma kabuku ndi cholembera.

Apa ndinamva kukoma. Pofika Lachisanu m'kabukumo munali miseche ya nkhuku, maliro a nkhunda, manyazi a nkhosa poti zimayenda zitawerama, ndi msonkhano wa abakha poti onse amalankhulira limodzi osamvana kanthu. Ndinkapekera m'basi. Tsopano wofunsa ndinali ine, ndipo akalakwitsa katchulidwe, nanenso ndinkagogoda kapu.

Masamba atayamba kuyoyoka, mwana wawo wamkazi anatitenga pagalimoto kukaona chionetsero cha zaulimi. Ndikuwakankha mayiwo panjinga yawo ya olumala, tinafika pakhola la mbuzi, ndipo pomwepo panaima mkulu wa mpingo wathu wa ku North York, bambo a ku Thyolo amene saseka wamba. Ndinawapatsa moni wachangu kuti tidutse, koma mayi aja anali atamva kale kuti tikulankhula Chichewa. Anandiuza kuti ndiime. Analoza mbuzizo n'kunena momveka bwino kuti umenewo ndi mlandu wa mbuzi. Kenako anatchula za nkhuku, za nkhosa, mpaka abakha, monyadira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Bambo aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine maso anali pa mbuzi ina imene inkatafuna chingwe. Kenako anatembenukira kwa mayiwo n'kuwauza m'Chingerezi kuti akhoza zonse, kungoti kwawo ku Thyolo abakha sati msonkhano, amati komiti. Mayi aja anatulutsa kabuku n'kulemba pomwepo. Posiyana, bambowo anandiyandikira n'kunena chapansipansi: "Mayi, ndakuthandizani kusenza, koma katunduyu ndi wanu. Mukamutule nokha."

Ndinakamutula Lolemba, nditawasambitsa kale, kuti akakwiya asakwiyire m'bafa. Ndinawauza kuti zonse zinali zopeka, ndipo bambo aja anangondibisira manyazi. Anamwa tiyi wawo mpaka kutha. Kenako anati anayamba kukayikira pa nkhunda paja, koma zinkawasangalatsa. Anatinso mayina ambiri a m'Chingerezi nawo amaoneka kuti anapekedwa ndi anthu osowa chochita, kungoti anthuwo anafulumira kuwalemba m'mabuku. Kukhululuka anandikhululukira, koma chilango chinalipo: ndikafufuze mawu enieni kwa anthu akale, ndibwere nawo Lachitatu.

Pobwerera, ndili pamalo odikirira basi, ndinaimbira foni malume anga kumudzi, amene akhala akuweta ng'ombe kuyambira ndisanabadwe. Atamva kuti ndine, anadzidzimuka, kuganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinawafunsa kuti mbuzi zikakhala zambiri pamodzi amazitchula chiyani. Anandifunsa kawiri ngati ndili bwino, ndipo ndinamva akuuza azakhali kuti mwana uja kuzizira kwamusokoneza.

"Iwe, unakwera ndege ulendo wonsewo kuti uzikafunsa za mbuzi?" anatero. "Zikakhala zambiri timati mbuzi zambiri. Mbuzi zako zija zinasiya kuswana, uzitumiza ya mankhwala."

Lachitatu ndinakawauza mayi aja yankho la malume mmene linalili, ndipo analilemba lonse, ndi za mankhwala zomwe.