Miyala mu Chitenje

Ife othyola tiyi sikelo sitiikhulupirira. Ndakulira kuona kalaliki akupachika dengu langa n'kumati achotsapo kulemera kwa dengu, achotsapo mame, achotsaponso zina zodziwa yekha. Ndiye mwana wa mng'ono wanga atapezeka ndi khansa ya m'magazi, tinachoka naye ku Thyolo kupita kuchipatala ku Blantyre tili ndi mtima womwewo.

Mwanayo sankatha kuima. Anesi ankauza mayi ake kuti akwere pasikelo atamubereka, kenako akwerenso okha, iwo n'kuchotsera. Akatero ankamugoneka pathabwa n'kumuyeza kutalika, n'kumadinadina kamakina kowerengera. Ati akufuna kudziwa kukula kwa khungu lake lonse kuti apeze mlingo wa mankhwala. Khungu? Matenda ali m'magazi, iwo ali kalikiliki ndi khungu! Ndinangoti apa pali kanthu.

"Achemwali, mwaona?" mng'ono wangayo anandinong'oneza. "Akuchotsera ngati kuesiteti. Mankhwala a mwana wanga akutsala nawo awa."

Ndinavomereza ndi mtima wonse. Mwana wa pabedi loyandikana ankalandira botolo la dilipi lodzadza, wathu katheka chabe.

Ulendo wotsatira sikelo inati mwana wanenepa. Anesi anayang'ana timanja take touma, anayang'ananso sikelo, kenako ife. Nanenso ndinamuyang'ana mng'ono wanga. Asanakwere yekha pasikelo kachiwiri anali atandipatsira mwana pamodzi ndi chitenje chomuberekera, ndipo chitenjecho chinali ndi mfundo yolemera kumapeto.

"Mayi," anatero anesi, "mankhwala awa si phala. Akachepa sagwira ntchito. Akachuluka amawotcha mkamwa ndi m'matumbo, mwana amatha kufa nawo. Ndilembe zimene sikelo yanenazi?"

Ndinapsa mtima, poti aliyense wofuna kukubera amalankhula mokoma chomwecho. Koma ndinachitanso mantha, mantha enieni, chifukwa sindinkadziwa ngati akunama. Cholembera chinali chitafika kale papepala.

"Tadikirani," anatero mng'ono wanga. Anandilanda chitenje n'kumasula mfundo ija. Miyala inagwera pansi, wodi yonse n'kucheuka. "Tiyezeninso. Koma mukamubera ngakhale dontho, Mulungu akuonani."

Anesi sanakalipe. Anawayezanso, nawerengera mokweza kuti timve. Botolo linabwera katheka komwe kaja. Mng'ono wanga anakhala pansi pake osadya, osapita ndi kuchimbudzi komwe, maso ali pamwamba mpaka linauma.