Penti ya Maboti M'holo ya Azamba

A Yesaya Mbewe ndi amene amalemba mayina pa maboti a ku Senga Bay. Zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, kuchokera kugombe mpaka kumsewu wa ku Salima, zambiri ndi dzanja lawo. Koma ntchito yawo sikhalitsa. Dzuwa la Okutobala limaiwaula, mwera umaikwecha ndi mchenga, ndipo pofika dzinja lachiwiri dzina la boti limakhala litafufutika. Nthawi zina, akutsuka burashi m'palafini, ankanena kuti asanafe akufuna kujambula chinthu chimodzi chokhala pansi pa denga.

Mwayi unabwera mu Febuluwale, mpunga wa ku Lifuwu utabiriwira. Pa loji ina panali msonkhano wa azamba, ndipo okonza msonkhanowo anafuna mlakatuli ndi wojambula kuti azitola zokambirana. Ine anandipatsa mpando kumbuyo kuti ndilembe ndakatulo. Wojambula anamupeza ndi a Fanny, amene amayang'anira holo pa lojipo. A Yesaya anafika ndi bolodi lalikulu pa njinga, ndi zitini zawo za penti ya maboti. Zolembera zamitundumitundu zimene anawapatsa anazibweza, amvekere ndi za ana asukulu.

Tsiku loyamba dzuwa linapendeka bolodi likadali mbee. A Yesaya anazolowera kuti mwini boti amanena mawu, iwo n'kulemba. Apa anthu ankangoyankhulana okhaokha.

"Nanga wondiuza choti ndijambule ndani?" anafunsa a Fanny pa nthawi ya tiyi.

"Palibe, bambo. Muzingomvetsera."

"Ndamvetsera. Akungonena za mapulani."

"Mawa mukangokhalanso, ndikupatsani mbale muzitsuka," anatero a Fanny akuseka, koma maso ali pa bolodi.

Mawa lake mzamba wa cha ku Chipoka, a Salma, anafotokoza za amayi oyembekezera amene amafika mochedwa m'dzinja, mitsinje itadzaza, njinga zikutitimira m'matope. A Yesaya anatsegula chitini. Anakumbukira chaka chimene anakankha njinga madzi akulekeza m'mawondo, akazi awo a Eveles ali pa kaliyala ndi pakati, matenda atayamba. Anajambula zomwezo: njinga, matope, mpunga mbali zonse, ndi denga la chipatala patali, mzamba ataima pakhomo. Fungo la penti linadzaza holo mpaka wapampando anayetsemula, a Fanny n'kutsegula mazenera mvula ikuwaza.

Potseka msonkhano ndinalakatula ndakatulo yanga, kenako azamba anaunjikana pa chithunzicho.

"Bambo, kaliyala mwamuchepetsa," anatero a Salma. "Mayi wapakati sangakwane apa."

"Anakwana, amayi. Ndinayalapo mtsamiro."

Okonza msonkhano anati chithunzicho chipite ku ofesi yawo ku Lilongwe. A Yesaya anavomera ndi mutu, ngakhale ankadziwa kuti kumeneko sadzachionanso. Dalaivala wawo atagwira bolodi kuti anyamule, chala chake chinachoka chobiriwira. Penti ya maboti imauma ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo a Yesaya, amene anali asanapentepo m'nyumba nthawi ya mvula, sanaganizire zimenezo. Anaima manja ali kumbuyo, akuyang'ana pamene padinda chala. Kulikweza m'galimoto kukanapaka mipando ndi kuwononga zonse.

"Lisiyeni liume, tidzatumiza galimoto," anatero mmodzi wa okonzawo.

Mpunga unacha, unamwetedwa, mwera unadza n'kupita, galimoto osabwera. A Fanny anaitana kalipentala n'kukhomera bolodilo pakhoma la holo, kutali ndi zenera.

Masiku ano a Yesaya akamachokera kugombe amapatukira pa lojipo, n'kusiya zitini pakhomo. Maboti amene analemba chaka chomwecho awalembanso kale. Mpunga wa pakhoma ukadali wobiriwira ngati wa mu Febuluwale, ndipo chidindo cha chala cha dalaivala a Yesaya anakana kuchifufuta.