Tsiku limene alamu anakajambula manda

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anadzipatsa okha udindo wa tcheyamani wa Amalawi anzathu okhala ku Berea, kuno kudziko la Azulu. Palibe anawasankha. Anangogula jekete, n'kutsegula gulu pafoni, basi.

Chaka chatha anabwera ndi nzeru yoti tikajambule manda a abale athu amene anagona kuno. Kuseri kwa KwaMashu, kumene tauni imathera n'kuyamba minda ya nzimbe, kuli kamudzi kamene eni ake anatilola kuikako anthu athu amene tinalephera kuwatumiza kumudzi. Achimwene anga ali komweko. N'chifukwa chake ndinapempha tchuthi cha Loweruka kwa abwana anga ku Glenwood n'kukwera nawo takisi.

M'takisimo alamu sanatulutse liwu la Chichewa. Ndikawafunsa kanthu ankangoyankha m'Chizulu kuti "yebo, sisi," maso ali pawindo. Titafika kumanda, foni itayatsidwa, Chichewa chinabwerera, chamiyambi chomwe.

Kumeneko kulibe ziliza zonyezimira. Pena pali mtanda wamatabwa wodyeka ndi chiswe, pena lata lolembedwa ndi penti, pena mbale yachitsulo yokhomeredwa pachikuni. Kumbali kwa Asilamu a ku Mangochi kuli miyala yokhayokha. Alamu ankadumpha mitumbira ngati mizere ya mbatata, mpaka anaima pamwamba pa wina kuti nkhope yawo ikwane bwino pachithunzi.

"Onani, Amalawi anzanga, mmene abale athu anatayidwira," anatero akuyang'ana foni. "Ine ngati tcheyamani, mtima ukundiwawa."

Anapukuta diso louma. Kenako anabwereza zonsezo chifukwa dzuwa linali litawalowa m'maso.

Tinafika pamanda a achimwene. Iwo ankagwira ntchito yaulonda, ndipo kuntchitoko ankadziwika ndi dzina lachizulu kuti asamalozedwe chala kuti ndi mlendo. Atamwalira, alonda anzawo ndiwo anakumba manda ndi kulemba lata, choncho analemba dzina limene ankalidziwa. Alamu anawerenga, n'kukweza mapewa.

"Uyu timusiye, ndi Mzulu. Si wathu."

"Alamu, awa ndi achimwene anga," ndinatero. "Munkagona nawo chipinda chimodzi ku Berea musanakwatire."

"Eish, mlamu! Nanga ndikanadziwa bwanji ndi dzina limeneli?"

"Mukanabwera pamaliro mukanadziwa."

Maliro aja anachitika nthawi imene alendo ankathamangitsidwa m'misewu. Ife tinapita ndi mantha athu omwewo. Alamu anatumiza uthenga woti mutu ukuwawawa, koma tonse tinadziwa kuti akuopa kuonedwa pakati pa Amalawi.

Ndinkaganiza kuti achita manyazi. Ayi ndithu. Anakonza kolala, n'kundilozetsa foni.

"Ndiye mulire pang'ono, mlamu, anthu aone."

Ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu pamtumbirapo, nditawafulatira. Anadikira, ataona kuti misozi sikubwera anapita kukafuna manda ena omvetsa chisoni.

Kanema wawo anatuluka mawa lake, ataikamo nyimbo yamaliro. Nkhope yawo inaoneka kwambiri kuposa manda, ndipo a achimwene sanaonekemo n'komwe. Anthu pagulupo anawayamikira, ena mpaka kuwatcha bambo wa ana amasiye.

Mwezi wotsatira ndinabwererako ndi amuna anga, titatenga kachitini ka penti. Dzina lachizulu lija sindinalifute, poti amene analilemba ananyamula bokosi ndi mapewa awo. Pansi pake ndinalemba dzina limene amayi anawapatsa achimwene, ndi dzina la mudzi wathu. Alamu tinawaitana, koma anati ali ndi msonkhano.