Nkhanga ya pakhoma

Ndinakwatiwa ku Mlangeni ndili wamng'ono ndithu, ndipo ananditenga chitengwa. Mudzi wa amuna anga unali pafupi ndi msewu waukulu, umene ndiwonso malire: ukangouoloka, wafika ku Mozambique. Amuna anga ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kunyumba ankabwera fodya akatha. Masiku ambiri ndinkakhala ndi apongozi anga aakazi, mayi wosalankhulalankhula amene ankandisamala ngati wobala okha.

Mwana wanga woyamba anabadwa osalira. Amayi akuluakulu anakamuika kudambo, ine osaona ngakhale nkhope yake. Miyezi imene inatsatira sindiikumbukira bwino. Chimene ndimakumbukira ndi nkhungu. Kumtunda kuno nthawi yachisanu nkhungu imatsika m'mapiri n'kukhazikika pabwalo mpaka dzuwa litakwera, ndipo ine ndinkangokhala pakhonde kumaonerera ng'ombe zikutuluka m'khola ngati zikuyandama, miyendo osaoneka.

Chisanu chitatha, amayi a m'mudzimo anayamba kuzira nyumba zawo monga ankachitira chaka ndi chaka. Apongozi anandituma kukakumba dothi, ndikhulupirira ankafuna kuti ndidzukeko pakhondepo. Loyera tinkalipeza m'mphepete mwa dambo, lofiira m'mbali mwa msewu, ndipo utoto wakuda tinkaupanga ndi makala osinja kapena ufa wa m'mabatire akutha a wailesi. Anzanga ankajambula mizere ndi maluwa m'munsi mwa makoma awo. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba, kumene sikunkadutsa anthu, ndinatafuna kamtengo kunsonga mpaka kanafewa ngati burashi, ndipo chimene chinatuluka pakhomapo silinali duwa. Anali gwape wokhala ndi kachitseko pachifuwa, kotseka.

Gwapeyo ndinkamudziwa. Tili ana kwathu ku Kasinje, ine ndi mkulu wanga ankatituma kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ntchitoyo ndi yogonetsa tulo, dzuwa lili paliwombo, choncho mkulu wangayo ankapeka nthano kuti ndikhale maso. Sizinali nthano zoseketsa. Ankazipeka pomwepo, uku akuponya zibuma, ndipo ndikamufunsa kuti zinatha bwanji ankangoti sizinathe. Za gwapeyu ankati ana amene safuna kukhalitsa padziko amalowa pakachitseko kaja, iye n'kumayenda nawo m'nkhalango, iwo ali m'tulo, akumva mtima wake ukugunda.

Nditamaliza gwape, manja anakana kuleka. Ndinajambula kakowa atanyamula mthunzi wa mtsikana kukamwa ngati nsalu yonyowa. Ndinajambula ng'ombe yoyera yopanda maso, njuchi zitamanga zisa m'nthiti mwake. Pakona ndinaikapo fisi atavala mikanda ya mkwatibwi. Dothi likamauma limasintha mtundu, ndiye nyama zija zinkachita kutuluka pang'onopang'ono m'khoma, ngati zinali momwemo kale zikungodikira.

Apongozi anazipeza tsiku lina akufuna nkhuku imene inkaikira kuseriko. Anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Ndinkayembekezera kuti andiuza ndifute.

"Jambulani, apongozi, ngati mtima ukupepuka nazo," anatero. "Koma kadzidzi ayi, anthu angatinene ufiti. Tambalanso musayerekeze. Tambala ali ndi eni ake masiku ano."

Ndinamva. Tambala wakuda chinali chizindikiro cha chipani, ndipo tambala wanga akanakhala ndi kachitseko kapena maso atatu, anyamata a chipani akanabwera kudzafunsa tanthauzo lake.

Nthawi imeneyo nkhondo ya kutsidya inali itakula. Anthu ankaoloka msewu mabanjamabanja, mitolo kumutu, ena akukusa mbuzi, ena opanda kanthu. Anayamba ndi zisakasa, kenako anamanga timanyumba tadothi motsatira msewu wopita ku Lizulu, mpaka malo amene tinkadyetsako ng'ombe anasanduka mudzi. Chilankhulo chathu chinali chimodzi, ndipo ambiri tinali nawo pachibale.

Mmodzi wa iwo anali mayi wa imvi zoyamba kumene, amene ankabwera kudzatithandiza kukumba mbatata ya kachewere. M'mawa wina ndinamuuza akatenge khasu kuseri kwa nyumba, ndipo anachedwako. Nditamutsatira ndinamupeza atakhala pansi, miyendo atatambasula, akuyang'ana khoma. Anandifunsa za nyama iliyonse, ine n'kumamufotokozera monga ndinkakumbukira. Pa fisi anaseka pang'ono. Atafika pa gwape, anatembenuka. Anangondiyang'ana pamimba, kenako kumaso.

Tili kumunda anandiuza za mwana wake wamkazi, wotsiriza, amene anali atangoyamba kusenza ndowa yaikulu. Tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa, aliyense anathawira kwake. Iye anamuona mwanayo akuthamangira m'chimanga, diresi likuuluka, ndipo kuyambira pamenepo sanamuonenso. Anali atafunsa m'misasa yonse imene miyendo yake inatha kufika. Chithunzi analibe. Ndiye anandipempha kuti ndikamujambulire mwanayo pakhoma la nyumba yake.

Ndinamuuza zoona, kuti anthu sindinkatha kuwajambula, ndipo nkhope imene sindinaione ndikanangoinamizira. Tinamaliza mzere. Kenako ndinamufunsa kuti mwanayo akanakhala nyama, akanakhala nyama yanji.

"Nkhanga," anayankha osaganiza n'komwe. "Sankayenda ameneyo, amayi, ankangothamanga. Pakamwanso posatseka."

Mkulu wanga anali nayo nthano ya nkhanga, ndipo ndinazengereza kuinena, chifukwa inkafanana kwambiri ndi zimene zinamuchitikira mayiyu. Koma anaumirira. Inkati kalekale mudzi wina unapsa, ana n'kuthawira kutchire phulusa likuwagwera pamsana. Dziko linawamvera chisoni, linawapatsa nthenga kuti moto usawapeze, koma madontho a phulusa aja sanachoke. N'chifukwa chake nkhanga zimayenda pagulu, ndipo zikamalira madzulo zimakhala zikuitana amayi awo. Anandifunsa ngati anawo anadzabwereranso kukhala anthu. Ndinati mwininthano sanafike pamenepo.

M'mawa mwake ndinasenza miphika yanga ya dothi kupita kumsasa. Nkhungu inali isanachoke, ndipo timanyumba tija tinkaoneka madenga okha, ngati bowa. Nyumba yake inali yaing'ono, khoma lake lamabampu, lomatidwa mofulumira. Ndinalisalaza ndi chikhatho chonyowa, ndinajambula nkhanga yakuda yaikulu ngati mwana weniweni, khosi italitambasula, mwendo umodzi uli m'mwamba. Kumbuyo kwake ndinaikako chimanga chofiira. Ndinkafuna kuikanso moto, koma iye anandigwira dzanja, nati moto ayi, mwanayo waudutsa kale.

Madontho oyera anaika yekha. Ankaviika chala mumphika n'kumadinda limodzilimodzi, mosafulumira, akulankhula motsitsa zinthu zimene sindinkazimva. Ine ndinakhala pamwala n'kumamuonerera. Nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa linagwa pakhomapo, madontho aja n'kuyamba kuyera pamene ankauma, kuyambira kukhosi kutsikira kumchira. Kwa kanthawi ndinaona ngati mbalameyo yapuma mpweya. Mwina anali maso anga chabe, poti ndinali ndisanadye.

Amayi ena a mumsasamo anabwera kudzaona, ndipo pasanapite nthawi anayamba kundiitana. Wina anati mwamuna wake anali ngati njati, wina anati amayi ake anali ngati kamba, wina anangoti ndijambule mbalame iliyonse bola ikhale ikuyang'ana kutsidya. Nthano za mkulu wanga zitandithera ndinayamba kupeka zanga, ndipo eni makoma ankazikonza, kundiuza kuti apa ayi, njatiyo siinamire, inaoloka. Ena ankandipatsa nyemba kapena kachidutswa ka sopo, ena ankangondiperekeza. Mvula ikabwera nyama zonse zinkasungunuka n'kutsikira pansi ngati misozi yamitundumitundu, ndipo chilimwe chikafika tinkayambanso. Chaka chilichonse mayi uja ankafuna kuti nkhanga yake ikuleko pang'ono, ati mwanayo akukula.

M'zaka zimenezo ndinaimanso. Matenda anandiyamba mwadzidzidzi masana, amuna anga ali ku Kasungu, ndipo amene anandigwira mapewa anali mayi yemweyo, apongozi ali kumiyendo. Mwanayo anabadwa wamwamuna, analira mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa.

Mwana wa mayi uja sanapezeke nthawi yonse imene anakhala kwathu. Kunkabwera mphekesera, kuti wina anaona mtsikana wotere ku Dedza, wina ku Mwanza, iye n'kupita, n'kubwerako yekha. Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. Iye anati apite, chifukwa ngati mwanayo ali moyo, akayambira kukafuna amayi ake pamene panali mudzi wawo.

Anazula chitseko cha nyumba yake, poti chinali chathabwa labwino, nachisenza kumutu. Ine ndinamunyamulira mphika ndi mphasa. Tinaoloka msewu, ndipo kanali koyamba kuti ndiponde kutsidyako chiyambire nkhondo. Udzu unali utatalika kuposa munthu, njira zitatsekeka, mitengo ya mapichesi ili mbwee ndi maluwa m'mabwinja mopanda wowaona. Tinayenda mpaka pakamtsinje kena. Pamenepo anatula chitseko, anamwa madzi ndi manja, analandira katundu wake n'kumumangirira kumsana.

"Bwererani, amayi," anatero. "Mwana uja adzuka ndi njala."

Ndinamuthandiza kusenzanso chitsekocho. Analowa m'udzu, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkaona thabwalo lokha likuyenda pamwamba pa udzuwo, kulowera kumapiri.