Sipika ya pa Nsungwi

Alamu anga a Kalinde anakhalitsa ku Joni mpaka ana awo ankawadziwira pa chithunzi. Amuna ena akamachokera kumeneko amabwera ndi malata, njinga, kapena mabulangete. Alamu anabwera ndi katoni imodzi yaikulu, jekete lachikopa, ndi mawu akuti "eish". Ine Tadala, amene sukulu inandikana ndili Fomu 2 koma cholembera sichinandikane, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndikulemba kuti a mu Limbe asamaganize kuti nkhani zonse zimachitikira kwawo.

A Kalinde ndi mkamwini pamudzi pathu, kufupi ndi Mbombwe. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo akamangodya osathandiza amamuonetsa njira imene anadzera. Amalume a Mikaele, eni mbumba, ananena poyera kuti: "Chimanga chikacha ameneyu asanationetse chimene anakatenga ku Joniko, asenze katoni yakeyo azipita kwawo ku Kadewere." Achemwali anga a Bibiana, akazi awo a Kalindewo, anangoyang'ana pansi.

M'katonimo munali chinthu chakuda, cholemera ngati mphero, kutsogolo mabatani, kumbuyo mabowo oti ukawayang'anitsitsa umachita chizungulire. Munalinso masipika ang'onoang'ono ndi chimodzi chachikulu cha mabingu.

"Iyi si wailesi, mlamu," anandiuza, akupukuta ndi mkono wa jekete. "Iyi ndi risiva ya homu fiyeta. Ndege ikamadutsa mu filimu, munthu umawerama."

"Nanga buku lake lili kuti, alamu?"

"Eish. Buku n'la anthu amene sanayendepo."

Anapeza chipinda kuseri kwa golosale ina, anaika mabenchi, anatseka mawindo ndi masaka, anabwera ndi kanema ndi kajenereta kokhosomola. Tsono vidiyo sho iliyonse kuno imakhala ndi sipika panja yoitanira anthu. A Abbas, amene anali ndi yawo tsidya la msewu, anali ndi sipika yosasa mawu padenga. Alamu nawo anasankha kasipika kamodzi kotalika kooneka ngati buledi, anati aka n'kosafunika kwenikweni mkati, anakalumikiza waya wautali n'kukamangirira pa nsungwi panja.

Tsiku loyamba anthu anadzaza mpaka ena kuima m'makoma. Ndisaname, filimu itayamba ndinamva bingu m'mimba. Mfuti inalira kumbuyo kwathu, Lloyd wakabaza anadzigwetsa pansi n'kuphimba mutu. Galasi litasweka mu kanema, amayi ena anakweza mapazi. Alamu anaima pambali manja ali m'chiuno ngati makinawo anawapanga okha.

Kenako anthu a mu filimu anayamba kukambirana. Milomo ikuyenda, manja akuloza, koma mawu ayi. Kankangomveka kakung'ung'udza ngati munthu akuyankhulira mu mtsuko.

"A Kalinde, azunguwa ali ndi chimfine?" anafunsa Lloyd.

"Kapena a kasitomu analanda mawu pa boda!" wina anakuwa kumbuyo.

Apa m'pamene tinaona ukatswiri wa ku Joni. Alamu anatulutsa chimbale, anachiuzira mpweya, anachipukuta pa jekete. Palibe. Anakweza voliyumu mpaka fumbi kugwa kudenga: mfuti zinakula, mawu osabwera. Anadina batani lililonse kawiri, anazula mawaya akumbuyo n'kuwabwezera m'mabowo omwewo, anamenya risiva ndi chikhatho. Tsiku lachitatu anali atagamula kuti a Abbas anamanga mawu ndi mankhwala.

Achemwali ankagulitsa zitumbuwa panja, pansi pa nsungwi ija. Anauza amuna awo kuti, "Bambo a Tamanda, kabokosi kapamwambaka kakungolongolola Chingerezi tsiku lonse, mutu wanga wauma."

"Ndiye kuti kali bwino, mayi. Vuto lili mkati. Inu samalani zitumbuwa."

Anthu anayamba kubwerera kwa a Abbas, chimanga chili ndi ngayaye. Masana ena, mabenchi atatsala ndi anthu owerengeka, alamu anaima pambali pa kanema thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuyankhula okha m'malo mwa osewera aja.

"Uyu akuti, iwe, mbuzi yanga ija ili kuti? Uyu akuti, sindinaione, achimwene, ndinali ku maliro ku Likoswe. Akuti, maliro ake a ndani, wavala tayi?"

Anthu anaseka mpaka kugona pa mabenchi. Mawa lake anabwera ndi anzawo. Chingerezi cha alamu chimathera pa "eish", koma mzungu aliyense anamupezera mudzi, mfumu yake ndi mlandu wake. Wapolisi wa ku America ankayankhula Chilomwe akakwiya. Alamu sanakondwe nazo ayi: m'mawa uliwonse ankagwadabe kumbuyo kwa risiva, kufunafuna mawu enieni, poopa kuti amalume adzaona kuti makina a ku Joni ndi osalankhula.

Amalume anabweradi, Loweruka masana, ndi ndodo yawo. Anakhala kutsogolo nkhope ili gwa. Filimu inali ya mwamuna ndi mkazi ataima pa mlatho, alamu akufotokoza kuti akukangana za malire a munda. Panja mvula inayamba kugwa. Achemwali, pomvera chisoni katundu wa amuna awo, anamasula kasipika kaja pa nsungwi, analowa nako waya ali chilumikizire, n'kukakhazika pamwamba pa kanema.

Pomwepo mzungu anayankhula. Mawu oyera, omveka bwino, ngati ali m'chipindamo. Kasipika kosafunika kaja n'kamene kanapangidwira mawu a anthu, ndipo masabata onsewa kankalalikira zitumbuwa.

Job, mnyamata wina amene anafika Fomu 4, anaimirira. "A Kalinde, apa palibe za munda! Akumuuza kuti amamukonda!"

Mzungu anapitiriza kukonda mkazi wake m'Chingerezi, mwaulemu, kwa nthawi yaitali. Ana anayamba kuyasamula.

"Ndiye mundawo watha bwanji?" anafunsa Lloyd.

"Kulibe munda," anatero Job.

"Iwe khala pansi ndi Fomu 4 yakoyo. Zimitsani mzunguyo, tikufuna a Kalinde!"

Chipinda chonse chinavomera. Alamu anayang'ana kasipika kamene mawu ake anawafunafuna masabata onsewa, anayang'ana amalume. Amalume anagogoda pansi ndi ndodo.

"Kalinde, khasu sulidziwa. Makina ako omwe suwadziwa, wachita kukukonzera mkazi wako ndi mvula." Anakhosomola. "Koma ndayenda mtunda wonsewu, ndiye ndiuze: malirewo anasuntha ndi mwamunayu kapena mkaziyu?"

Alamu anazula waya wa kasipikako pang'onopang'ono, ngati akuchotsa munga kuphazi, n'kulengeza kuti kalowa madzi.

"Anasuntha ndi mwamunayu, amalume. Taonani maso ake."

"Ndinadziwa," anatero amalume, n'kutumiza mwana kuti akawagulire chitumbuwa.

Chimanga chinacha, tinakolola, za ku Kadewere palibe anazitchulanso. Chaka chino amalume awapatsa alamu kachigawo ka dimba kuti azilima tomato. Koma amene akulima ndi achemwali anga, poti alamu amati mmero wawo sufuna mame a m'mawa.